Kugogoda

Ndimaswa miyala m'mbali mwa msewu wa ku Likhubula,
chino n'chaka cha khumi ndi chimodzi.
Mwala sindiukhulupirira nkhope.
Ndimaugogoda ndi hamala n'kutchera khutu:
ukati ngwee, ngwathunthu, undivuta mpaka madzulo;
ukati phu, unasweka kale m'kati,
ukungodikira woutsegula.

Elube wabwera patchuthi kuchokera ku Ndata.
Wavula nsapato, wakhala pa mulu wa kwale,
akuti, Amayi, dzuwa si limodzi.
Nyenyezi zija ndi madzuwa a eni ake,
ndipo zina zili ndi maiko ozizungulira,
amiyala, olimba gwa ngati lathuli.

Ndati, Unawaona?
Akuti ayi, nyenyezi imangophethira pang'ono
dziko likadutsa pamaso pake,
ngati gulugufe wa usiku pagalasi la nyali.
Akatero amapeza kukula kwake.
Nyenyeziyo ikamadzandira, amapeza kulemera.
Za m'kati amachita kuganizira.
Ndaseka mpaka hamala yandipulumuka.
Fizi yonse ija, mwanawe,
kuti ukaphunzire kugogoda?

Sanaseke.
Akuti pansi pa mapazi athu,
kumene mjigo sudzafikako,
kuli chitsulo chosungunuka chosagona tulo.
Chimatembenuka usana ndi usiku,
kutembenukako n'kumaluka chofunda chosaoneka
chotitchinga ku mphepo yolusa ya dzuwa.
Dziko lozizira msanga m'mimba
limatsala lamaliseche.
Mpweya wake ungathe kuseseka pang'onopang'ono,
mitsinje n'kutsala mikwasa pamchenga.

Lina, akuti, khungu lake n'limodzi, lopanda msoko,
silituluka thukuta.
Lina limasanza moto osapumira
mpaka kutsamwa ndi utsi wake womwe.
Lathuli n'long'aluka ngati chidendene changa,
ndipo ming'aluyo ndiyo imameza, ndiyo imalavula,
kubweza kumwamba mpweya umene mvula inatsitsa.
Kukhala pamtunda wabwino ndi dzuwa sikukwanira.
Ndati, zimenezo ndikuzidziwa.
Nyumba ya a Mukhova ndi yamalata, yapenti,
koma ana onse anathawamo.

Kenako waloza phiri,
mitambo itakhala pamapewa pake.
Akuti ilo silinaphulikepo.
Linali mwala wosungunuka umene unalephera kutuluka,
unazizirira pansi, mumdima, mosafulumira,
mvula n'kuuvula dothi zaka zosawerengeka
mpaka unaima poyera.

Ndayang'ana chibenthu chili m'manja mwanga,
timaso toyera ndi takuda tikunyezimira.
Ndiye kuti nthawi yonseyi
ndakhala ndikugulitsa matumbo a dziko pa wilibala,
ogula n'kumanenerera mtengo.

Usiku chifuwa chija chabweranso,
chouma, chonunkha fumbi.
Ndimati ndabisa bwino m'chitenje.
Ndangomva khutu lozizira pamsana panga,
zala ziwiri zikugogoda m'nthiti,
kumanja, kumanzere, kumanjanso.
Ndati, Wamva chiyani, ngwee kapena phu?
Wakhala chete nthawi yaitali.
Akuti, Mawa tipite ku Mishoni.
Ndati mawa kubwera lole ya kontilakita.
Akuti lole idikira.
Mwana ameneyu lole saidziwa.

Ndatuluka panja kukalavula.
Phiri langokhala bii, ladya theka la thambo.
Pamwamba pake nyenyezi mbwee,
iliyonse ndi ana ake amene sitikuwaona,
ena otentha m'mimba, ena anazizira kalekale,
ndipo mwina pa limodzi, limodzi lokha,
pali wina wakhala pamwala wofunda
osadziwa chimene chikumufunditsa.

Imodzi yaphethira.
Kaya ndi dziko ladutsa,
kaya ndi fumbi m'diso langa.
Ndagwira pachifuwa.
Muli moto ndithu, ukutembenuka.
Elube akuitana kuti ndilowe, kunja kwazizira.